Jakisoni m'Diso la Khoswe: Kodi Chachiritsa N'chiyani?

Anthu ambiri kuno kwathu amakhulupirira jakisoni koposa mankhwala ena onse. Wodwala akapita kuchipatala nabwerako ndi mapiritsi okhaokha amaona ngati dokotala sanamumvetse. Koma akabayidwa, ngakhale pobayidwapo patupe, mtima wake umakhala pansi. Akachira amati, "Jakisoni uja ndiye wandithandiza," ndipo palibe womutsutsa. Akatswiri ofufuza za mankhwala saloledwa kulankhula motero msanga. Iwo ayenera kuyamba ayankha funso limene ife sitidzifunsa kaŵirikaŵiri: mwa zonse zimene zachitika pa thupi la wodwala, chachiritsa n'chiti kwenikweni? Nkhani yathu lero ikutitengera ku malabotale a ku Ulaya ndi ku America, kumene funso limeneli lidasautsa anthu ophunzira kwambiri pamene ankabaya jakisoni kuseri kwa diso la khoswe pofunafuna mankhwala a khungu lakumtundu.

Kumene singano imapita

M'kati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kuchindikala kwake ngati mapepala aŵiri ophatikiza. Kuŵala kukaloŵa pa mwana wa diso kumakagwera pa kachikopa kameneka, ndipo maselo a mmenemo amakusandutsa uthenga wopita ku ubongo. Maselo olandira kuŵala alipo a mitundu iŵiri. Ena ndi ooneka ngati tindodo, ndipo ndiwo amatithandiza kuona kukachita chisisira kapena poyenda pa mwezi; m'diso la munthu alipo pafupifupi 100 miliyoni. Ena ndi osongoka, alipo pafupifupi 5 miliyoni, ndipo ntchito yawo ndi kusiyanitsa mitundu ya zinthu ndi kuona tinthu tating'ono monga zilembo zimene mukuŵerengazi.

Maselo ameneŵa sadzisamala okha. Kuseri kwawo kuli mzere umodzi wa maselo akuda amene akatswiri amaŵatchula mwachidule kuti RPE. Tsiku lililonse selo lolandira kuŵala limathothola nsonga yake yakale n'kumakula kuchokera pansi, kotero kuti pa masiku 10 chigawo chake chonse chogwira kuŵala chimakhala chatsopano. Maselo akuda aja ndiwo amameza nsonga zothothokazo, makamaka m'maŵa kukangocha, monga mmene mayi amasesera pabwalo ana asanadzuke. Amaŵadyetsanso ndi kuŵakonzera vitamini A woti agwiritse ntchito. Maselo akudawo akaleka ntchito, olandira kuŵala amafa, ndipo mwa munthu kapena mwa khoswe selo lotere likafa silimeranso.

Pakati pa mizere iŵiriyi palibe chomata cholimba, imangogundana. Pamenepo ndi pamene jakisoni amene tikukambayu amathira mankhwala ake. Singano ikafikapo, madzi amaloŵa, retina imatukuka n'kupanga kathuza. Pakapita tsiku limodzi kapena masiku oŵerengeka madziwo amaphwera ndipo retina imagonanso pamalo pake. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mankhwala amakhudza maselo enieni ofunikawo. Kuipa kwake ndi kwakuti kumatuka kwa retina ndi matenda pakokha, pakuti munthu zikamuchitikira mwangozi amathamangira naye ku opaleshoni. Ndiye kuti aliyense wobaya jakisoni ameneyu amayamba wavulaza diso limene akufuna kulichiritsa.

Khoswe wa khungu lakumtundu

Pali matenda akumtundu otchedwa retinitis pigmentosa amene amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 4,000 pa dziko lapansi. Tisaŵasokoneze ndi ng'ala, imene imadetsa galasi la diso ndipo madokotala amaichotsa ndi opaleshoni. Wodwala matenda aŵa amayamba ndi kusaona dzuŵa likaloŵa, nthaŵi zambiri akali mwana. Kenaka m'mbali mumayamba kuda, n'kumaona ngati wosuzumira pa bowo la nsungwi, ndipo bowolo limacheperachepera chaka ndi chaka.

Mu 1938 akatswiri atatu a ku Britain, Bourne, Campbell ndi Tansley, adalemba za mtundu wina wa makoswe amene ankachita khungu lofanana ndi limeneli. Makoswewo adadzatchedwa RCS potengera dzina la Royal College of Surgeons ya ku London. Mwana wa khoswe wotere amabadwa bwinobwino natsegula maso ali ndi masabata aŵiri monga anzake. Pofika masabata atatu zinyalala zimakhala zitayamba kuunjikana kuseri kwa retina, ndipo pofika miyezi itatu maselo olandira kuŵala amakhala atatsala oŵerengeka. Zimene mwa munthu zimatenga zaka zambirimbiri, mwa khosweyu zimayamba ndi kutha chimanga chobzalidwa tsiku lomwelo chisanakololedwe. N'chifukwa chake ofufuza amamukonda.

Mu 1976 Richard Mullen ndi Matthew LaVail a ku America adaphatikiza mluza wa khoswe wodwala ndi mluza wa khoswe wabwino, ndipo padabadwa makoswe a maselo osakanizika. Poyang'ana m'maso mwawo adapeza kuti paliponse pamene panali maselo akuda abwino, olandira kuŵala adapulumuka. Apa gwero la vuto lidadziŵika: maselo akuda a khoswe wa RCS satha kumeza nsonga zothothoka zija. Nzeru yotsatira inali yoonekeratu, yakuti maselo akuda abwino aloŵetsedwe ndi singano.

Ntchito imeneyi ndi yofuna dzanja losanjenjemera. Diso la khoswe ndi la mamilimita 6 okha, ngati njere ya nandolo, pamene la munthu ndi la mamilimita 24. Galasi lake ndi lalikulu, lodzaza mbali yaikulu ya diso, ndipo singano ikangolikhudza limachita ng'ala, khosweyo osayezekanso. Choncho khoswe amayamba wagonetsedwa ndi mankhwala, nadonthezedwa ena okulitsa mwana wa diso. Wobaya, akuyang'ana pa maikulosikopu, amaboola kabowo kakang'ono n'kuloŵetsa singano yobuntha, yonenepa ngati tsitsi ziŵiri kapena zitatu. Ena amaloŵera kutsogolo n'kulambalala galasi, ena amaloŵera kumbuyo kudzera pa khoma loyera la diso. Madzi othiridwa kaŵirikaŵiri amakhala mamaikulolita 2, ndiko kuti dontho limodzi la madzi kuligaŵa m'magawo 25 n'kutengapo limodzi.

Chimwemwe cha 1988 ndi zimene zidatsatira

Mu 1988 Linxi Li ndi James Turner a ku North Carolina adalengeza kuti adabaya maselo akuda abwino kuseri kwa retina ya makoswe a RCS, ndipo maselo olandira kuŵala a pamalopo sadafe. Chaka chotsatira akatswiri ena a ku New York adapeza chimodzimodzi. Chimwemwe chinali chachikulu.

Koma mu 1990 Martin Silverman ndi Stephen Hughes a ku St. Louis adatulutsa nkhani yozizitsa nkhongono. Iwo adabaya makoswe a RCS madzi a mchere okhaokha, opanda selo ngakhale limodzi, ndipo maselo olandira kuŵala adapulumukabe. Chaka chomwecho gulu la ku San Francisco, m'mene munali LaVail yemwe uja, linkayesa mankhwala okulitsa maselo otchedwa bFGF. Mankhwalawo adagwiradi ntchito, koma gululo lidaonanso kuti ngakhale singano youma, yongoloŵetsa n'kuizula, inkapulumutsa maselo a pafupi ndi pamene yadutsa.

Nanga zimenezi zingatheke bwanji? Yankho lina lidabwera mu 1995, pamene Rong Wen ndi anzake adaonetsa kuti retina ya khoswe ikavulazidwa imayamba kupanga yokha mankhwala oteteza maselo, ena mwa iwo bFGF yemweyo ndi mnzake wotchedwa CNTF, ndipo amachuluka kwambiri pafupi ndi bala. Yankho lina ndi lakuti madzi othiridwawo amakokolola zinyalala zounjikana zija. Mu 2018 akatswiri a ku Stanford adaonetsa kuti kutsuka zinyalalazo mwadala kumasunga maselo a khoswe wa RCS kwa miyezi ingapo.

Izi sizitanthauza kuti Li ndi Turner adanama. Maselo obayidwa amapulumutsa maselo ochuluka koposa madzi, ndiponso kwa nthaŵi yaitali. Chimene chidasintha ndi funso. Kuyambira pamenepo sikunali kokwanira kunena kuti diso lobayidwa lili bwino koposa losabayidwa. Ofufuza adayenera kuonetsa kuti mankhwala awo aposa bala la singano, ndipo aliposa ndi muyeso wotani. Mlimi wothira feteleza amakumba pa phando lililonse, nazulako udzu umene waupeza. Chimanga chikakula, sangadziŵe gawo la feteleza pokhapokha atasiya mizere ina imene adakumba ndi kuzulamo udzu chimodzimodzi koma osathiramo kanthu.

Motero kafukufuku wolongosoka amakhala ndi magulu osachepera atatu. Gulu loyamba limabayidwa mankhwala. Lachiŵiri limabayidwa madzi osungunuliramo mankhwalawo, muyeso womwewo, pa msinkhu womwewo, ndi dzanja lomwelo. Lachitatu silibayidwa konse. Woyeza zotsatira sauzidwa kuti diso ili ndi la gulu liti, pakuti munthu amene wathera zaka zisanu pa mankhwala ake amaona zimene mtima wake ukufuna popanda iye kudziŵa. Kaŵirikaŵiri oŵerenga amakhala aŵiri, aliyense payekha, kenaka n'kuyerekeza zimene apeza. Ichi n'chiyani n'kulinga muli aŵiri.

Njira zoyezera

Khoswe sangafunsidwe kuti aŵerenge zilembo pa khoma, choncho ofufuza adapeza njira zina zomufunsira. Yakale koposa ndi kuŵerenga maselo. Khoswe amaphedwa mosamva kuŵaŵa, diso limaumitsidwa ndi mankhwala n'kudulidwa tizidutswa topyapyala koposa khoko la anyezi. Pa maikulosikopu maselo olandira kuŵala amaoneka osanjikizana m'mizere. Khoswe wabwino amakhala ndi mizere 10 mpaka 12. Wa RCS wa miyezi itatu amatsala ndi umodzi kapena iŵiri. Woŵerenga woona mtima amaŵerenga kuchokera kumapeto kuno kwa retina kufikira kumapeto uko, pa mipata yofanana, osati pafupi ndi bala pokha. Kachitidwe kameneka kamaululanso chimene chapulumutsa maselo, chifukwa mphamvu ya bala imathera pafupi ndipo imazilala pakapita nthaŵi, pamene mankhwala enieni amafika patali nakhalitsa. Vuto la njirayi ndi lakuti khoswe mmodzi amayezedwa kamodzi kokha.

Vuto limeneli lidachepa ndi makina otchedwa OCT, amene adayamba kudziŵika mu 1991 kuchokera ku Massachusetts Institute of Technology. Makinaŵa amatumiza kuŵala m'diso n'kuyeza kumene kwabwerako, ndipo amajambula mizere ya retina ya nyama yamoyo ngati yodulidwa ndi mpeni. Nawo wofufuza amaona tsiku lomwelo ngati kathuza kapangika pamalo oyenera, nachotsa pa chiŵerengero maso amene singano idaphonya kapena amene adakha magazi. Amathanso kutsatira khoswe mmodzi sabata ndi sabata. Makoswe ophedwa amachepa, ndipo izi zimagwirizana ndi mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch adalemba mu 1959, zakuti nyama zogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku zichepe ndiponso zisazunzike popanda chifukwa.

Komabe njira ziŵirizi zimangoŵerenga maselo amene alipo, osanena ngati akugwira ntchito. Pofuna kudziŵa zimenezo amayeza magetsi a diso, njira yotchedwa ERG. Mu 1865 Frithiof Holmgren wa ku Sweden adapeza kuti diso la chule likaunikidwa limatulutsa kamphamvu ka magetsi, ndipo mu 1908 Einthoven ndi Jolly adapatsa mafunde ake maina a zilembo amene akugwirabe ntchito. Khoswe amagonekedwa mumdima usiku wonse kuti maselo a tindodo atcheretu. M'maŵa mwake, pa kuŵala kofiira kochepa, amagonetsedwa, kawaya kosalala kamagonekedwa pa diso, ndipo nyali imaphanima. Pa makina pamaoneka funde lotsika, lotchedwa a, lochokera kwa maselo olandira kuŵala. Kenaka funde lokwera, lotchedwa b, lochokera kwa maselo olandira uthenga kwa iwo. Mphamvu yonseyi imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volti imodzi, pamene batire la tochi lili ndi volti 1.5. Khoswe akazizidwa, kapena mankhwala ogonetsa akachuluka, mafunde amasintha, choncho zonsezi ziyenera kufanana m'magulu onse. Ndiponso m'masiku oyamba jakisoni atabayidwa mafunde amatsika chifukwa cha kumatuka kwa retina, kotero kuti woyeza mofulumira akhoza kunamizira mankhwala abwino kuti ndi oononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kufunika koyeza magetsi kudaoneka bwino mu 2001, pamene akatswiri a ku Philadelphia adachititsa maso a makoswe ndi mbeŵa za khungu lakumtundu kuti azipanga CNTF wochuluka kwa nthaŵi yaitali. Mizere ya maselo idasungika mokondweretsa. Atayeza magetsi adapeza kuti mafunde sadakwere, ndipo mwa nyama zina adachita kutsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akadangodalira maikulosikopu yokha, akadalengeza mankhwala amene saonetsa.

Nayo ERG ili ndi chilema chake. Imamvera retina yonse pamodzi, pamene kathuza ka jakisoni kamangofika mbali imodzi. Zili ngati munthu womvera kwaya ali panja pa tchalitchi: oimba khumi akayambiranso kuimba bwino pakati pa khamu lalikulu losoŵa mawu, iye sangazindikire. Choncho mankhwala akhoza kugwira ntchito pamalo ake, makina osaonetsa kanthu.

Njira yotsiriza ndi kuyang'ana zochita za khoswe mwini. Mu 2004 Glen Prusky ndi Robert Douglas a ku Canada adapanga chida chimene nyama imaikidwa pa kathebulo pakati pa magalasi anayi a kompyuta oonetsa mizere yakuda ndi yoyera yoyenda mozungulira. Nyama yoona imatembenuza mutu pang'onopang'ono kutsatira mizereyo popanda kuphunzitsidwa. Mizere imachepetsedwa kufikira mutu utaleka kutsatira, ndipo pamenepo ndi polekezera maso ake. Chokondweretsa ndi chakuti mizere ikamazungulira kumka kudzanja lamanja, diso lamanzere ndilo limayankha, ndipo ikabwerera linalo ndilo limayankha, kotero kuti diso lobayidwa ndi losabayidwa amayerekezedwa pa khoswe mmodzi yemweyo. Ena amaphunzitsa khoswe kusambira m'thanki ya mbali ziŵiri, m'mene potulukira pabisidwa kumbali imene kuli chithunzi cha mizere. Njira imeneyi imatenga masiku ambiri, koma imaonetsa kuti uthenga wafikadi ku ubongo ndipo nyama yaugwiritsa ntchito posankha.

Palibe njira imodzi mwa zimenezi imene ingaime yokha. Ofufuza amakhulupirira zotsatira pamene maselo, magetsi ndi zochita za nyama zikunena chimodzi, ndiponso pamene zonsezo zaposa gulu lobayidwa madzi.

Kuchoka pa khoswe kufika pa munthu

Mu 2000 akatswiri a ku Stanford adapeza chilema chenicheni cha khoswe wa RCS, patatha zaka 62 chilembedwere nkhani yake yoyamba. Chinali m'chigawo chimodzi cha malangizo a chibadwa, jini yotchedwa Mertk. Mu 2001 adaika jini yabwino m'kachilombo kofooketsedwa n'kukabaya kuseri kwa retina, ndipo maselo akuda adayambanso kumeza zinyalala. Anthu ena a retinitis pigmentosa adapezekanso ndi chilema m'jini yomweyo. Mu 2016 madokotala adalengeza zotsatira za anthu 6 amene adabayidwa jakisoni wotere ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia. Atatu adayamba kuona bwinoko, koma mwa aŵiri a iwo phindulo lidatha zisanapitirire zaka ziŵiri. Khoswe adalonjeza zambiri koposa zimene munthu adalandira. Tikumbukire kuti diso la khoswe ndi la usiku, lodzala ndi maselo a tindodo, ndipo lilibe kamalo kapakati kooneratu kamene munthu amaŵerengera ndi kuzindikirira nkhope.

Pa jini ina, yotchedwa RPE65, zinthu zidayenda bwino. Mu 2001 akatswiri adalengeza kuti galu wakhungu wotchedwa Lancelot adayamba kuona atabayidwa kuseri kwa retina, ndipo mu 2008 magulu a ku London, Philadelphia ndi Florida adalengeza zotsatira zoyamba mwa anthu. Mu December 2017 boma la America lidavomereza mankhwalawo ndi dzina lakuti Luxturna, ndipo atayamba kugulitsidwa mtengo wake unali madola 425,000 diso limodzi. Muyeso wake ndi mamaikulolita 300, kuchulukitsa ka 150 wa khoswe uja. Apanso nkhani ya kayezedwe idavuta. Mafunde a ERG mwa odwalawo sadabwerere, chonsecho iwo ankayenda bwino m'chisisira, ndipo madokotala adachita kupanga muyeso watsopano: kanjira kokhotakhota kokhala ndi zopinga, koyendamo pa kuŵala kosiyanasiyana. Patapita zaka zoŵerengeka, madokotala ena adanenanso kuti mwa odwala ena retina idayamba kufota m'malo ena, ndipo akatswiri akhala akufufuza kuti asiyanitse gawo la mankhwala, la kathuza ndi la matenda eniake.

Pa kafukufuku wamkulu wa Luxturna panali anthu 31. A gulu loyerekezera sadabayidwe madzi a mchere monga amachitira makoswe. Adangodikira chaka chimodzi, pambuyo pake nalandira mankhwala enieni. Dokotala sangamatule retina ya mwana mwadala n'kuthiramo madzi opanda kanthu pongofuna kudziŵa. Pa chifukwa chimenechi, mbali yaikulu ya zimene tikudziŵa za mphamvu ya singano payokha, zabwino ndi zoipa zomwe, idachokera kwa nyama za m'labotale, makamaka makoswe a gulu lachiŵiri lija amene adabayidwa popanda mankhwala.

Tsono inu aŵerengi, tsiku lina mukadzamva pa wailesi kuti akatswiri apeza jakisoni wochiritsa khungu mwa makoswe, musadzathamangire kukauza mbale wanu wosaona kuti nthaŵi yake yakwana. Yambani mwafunsa ngati panali makoswe ena obayidwa madzi okhaokha, ndipo ngati ofufuzawo adayeza kuona kwenikweni kapena adangoŵerenga maselo. Mafunso omweŵa ndi oyenera pa mankhwala ena alionse amene wina akukutsatsani ndi umboni wakuti uje adamwa ndipo adachira. M'gawo lotsatira tidzaona mmene kachilombo kamafooketsedwera kuti kasanduke mtengatenga wa jini.